Udindo wa DEBS ku Chipata walemera kuposa kale

Bungwe la Teaching Service Commission likasankha mlembi wa bungwe loyang'anira maphunziro m'boma, amene ambiri amamudziwa kuti DEBS, nkhaniyo siimamveka kwambiri kunja kwa maofesi. Komatu ku Chipata ndi madera ozungulira, munthu ameneyu ndiye akhudza kwambiri tsogolo la mwana wa kumudzi, ngakhale kuti makolo ambiri sadziwa ndi dzina lake lomwe.

Udindowu unabwera potsatira mfundo ya maphunziro ya mu 1996 yochedwa Educating Our Future, imene inafuna kuti mphamvu zina zicoke ku Lusaka ndi kupita m'maboma. DEBS amagwira nchito pansi pa mkulu wa maphunziro m'cigawo, ndipo sasankhidwa ndi phungu, khansala kapena mfumu.

Mu 2018, Kasenengwa ndi Chipangali anapatulidwa ku boma la Chipata n'kukhala maboma paokha, lililonse ndi DEBS wake. Mphunzitsi wamkulu wa ku Chipangali, amene kale anali kukwera galimoto kupita m'tauni pa nkhani iliyonse, anapeza ofesi ya boma lake. Koma kugawa boma sikunagawe aphunzitsi mofanana. Ambiri amafunabe kukhala pafupi ndi magetsi, cipatala ndi nyumba zabwino, ngakhale kuti ogwira nchito kumidzi amalandira ndalama yoonjezera.

Apa ndi pamene DEBS amayesedwa. Pempho la kusamutsidwa limadutsa pa tebulo lake, ndipo kawirikawiri limabwera ndi cifukwa comveka: matenda, banja, mkazi kapena mwamuna amene agwira nchito m'tauni. Nthawi zina limabweranso ndi mau a munthu wamkulu kumbuyo kwake. DEBS akavomera onse, masukulu a ku Kapata ndi Mchini adzadzaza aphunzitsi, pamene sukulu ya kutali idzatsala ndi owerengeka ophunzitsa magiredi onse. Akakana, adzadana ndi anthu amene akumana nao tsiku ndi tsiku kumsika ndi kuchalichi.

Kuyambira mu January 2022, pamene maphunziro anakhala aulere kufika ku sekondale, katunduyu anakula. Ana anaculuka m'makalasi. M'caka comweco Boma linalemba aphunzitsi 30,496 m'dziko lonse, ndipo kusankha kunayambira m'makomiti a m'maboma. Thumba la CDF nalo linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zina mwa ndalamazi zimagula madesiki ndi kumanga makalasi. Ndalamazo zimadutsa ku khonsolo, koma ziwerengero zoonetsa sukulu yosowa kwambiri zimacokera ku ofesi ya DEBS. Ziwerengero zikakhota, madesiki amapita kolakwika.

N'cifukwa cake mapepala a kuyunivesite ndi zaka za pa nchito, ngakhale n'zofunika, sizikwanira. Osankha ayenera kufunsanso ngati munthuyo anaphunzitsapo pa sukulu imene msewu wake umaduka m'dzinja, ndiponso ngati anakanapo pempho la munthu wamphamvu.

Makolo alibe voti pa kusankhaku. Cimene ali naco ndi misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, kumene angafunse kuti pa sukulu pao panatumizidwa aphunzitsi angati, ndipo atsalapo angati.