Nyimbo Iri ndi Mwini

M'mwezi wa October caka ca 2024, woyimba wa ku America wochedwa Tyler, the Creator anaturutsa nyimbo yace ya Noid. Olankhula Cinyanja ataimva anadzidzimuka, pakuti pakati pa Cingerezi munamveka cinenero cao. Mauwo anali a Paul Ngozi, dzina lao leni-leni Paul Dobson Nyirongo, otengedwa m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi imene iwo ndi gulu la Ngozi Family anaturutsa mu 1977. Eni ace anamwalira mu 1989. Mnyamata wa ku Kapata kapena ku Mchini, muno m'Chipata, angathe kunyadira kuti cinenero cace caoloka nyanja. Kunyada n'kwabwino, koma sikugula ufa.

Oyimba hip hop amadula kacidutswa ka nyimbo yakale, kaya ng'oma, kaya gitala, kaya mau, nakabwereza-bwereza pansi pa nyimbo yao. Kacidutswa kameneko kali ndi eni awiri. Woyamba ndiye amene anapeka nyimboyo. Waciwiri ndiye mwini wa lekodi, amene kawiri-kawiri ndi kampani imene inalipira pojambula. Wobwereka ayenera kugogoda pa makomo onse awiri, napangana nao za malipiro ndi za gawo la ndarama zimene nyimbo yatsopano idzabala. Kale ambiri sanali kugogoda. Koma mu 1991 bwalo la milandu la ku New York linagamula kuti Biz Markie analakwa potenga nyimbo ya Gilbert O'Sullivan wopanda cilolezo, ndipo lekodi lace linacotsedwa m'masitolo. Kuyambira pamenepo makampani anaphunzira ulemu. N'cifukwa cace dzina la Nyirongo lalembedwa pakati pa opeka a Noid.

Tsono alipo anthu, ena mwa iwo ophunzira ndithu, amene amati nyimbo ndi mphepo, iribe mwini, ndipo woyimba athokoze pamene alendo amuchukitsa. Mau amenewa amakoma m'kamwa mwa wotenga yekha. Kodi Mngoni wa kwa Mpezeni angathokoze munthu amene wamtsegulira khola usiku, cifukwa ng'ombe yace yakaonekera ku Lusaka? Wofuna kudziwa kumene maganizo otere amatsiriza amve za Solomon Linda, Mzulu amene anajambula Mbube ku kampani ya Gallo ku Johannesburg mu 1939. Anampatsa masheleni 10, nyimbo n'kukhala ya kampani. Ku America inasanduka The Lion Sleeps Tonight mu 1961, ndipo mu 1994 inalowa m'kanema wa The Lion King. Linda anamwalira wosauka mu 1962. Ana ace anaona cilungamo mu 2006, atakokana ndi eni cuma m'bwalo, zaka 44 bambo wao ali m'manda. Kuchuka anachuka, ndipo kuchukako ndiko kunali colowa conse ca banja lace.

Komabe Linda ndi Nyirongo anali ndi mwai umodzi: maina ao anadindidwa pa malekodi, ndipo wofuna mwini anali ndi poyambira. Nanga mkuru wotsogolera ingoma pa Nc'wala ku Mtenguleni m'mwezi wa February? Nanga amai oyimba pa Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa August? Mafoni amawazinga ngati nchenche pa zipatso, ndipo dzuwa lisanalowe mau ao ali pa intaneti, opanda dzina, opanda mudzi. Wa ku London wofuna kulipira sadziwa kofunsa. Wosafuna kulipira wapeza podzikanira.

Ndipo mlandu usaponyedwe kwa alendo okha. Mwana wa kwathu konkuno amatenga nyimbo ya pamtondo imene agogo ace anapeka, naika ng'oma za pa kompyuta, nalembapo dzina lace lokha. Ameneyo asiyana pati ndi amene anadyera Linda? Enanso amalowa anai m'kacipinda kojambulira, wina wapeka mau, wina maimbidwe, wina wakonza ng'oma, wina walipira, naturuka akuseka osapangana kanthu, poti kuchula ndarama pakati pa abwenzi kucititsa manyazi. Nyimbo ikagwa, ubwenzi umakhala. Ikayenda, amakumana ku bwalo, aliyense ndi mboni ya m'kamwa. Akuru anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Gawo losalembedwa likali pacala.

Malamulo alipo. Dziko la Zambia linaika lamulo loteteza opeka mu 1994, ndipo mu 2016 linaika lina loteteza nzeru za makolo, pamodzi ndi nyimbo ndi magule a mitundu. Liriponso bungwe la ZAMCOPS, losonkhetsa ndarama kwa oulutsa ndi oseweretsa nyimbo kuti ligawire eni. Koma lamulo liribe miyendo. Silidzayenda lokha kuturuka mu Lusaka, kutsata mseu wa kum'mawa, kukafunafuna nkhalamba imene sinalembetse nyimbo yace.

Apa ndipo pali nchito ya amene angotsiriza sukulu, amene ambiri akuyendayenda m'tauni kufunsa malo m'maofesi. Pepala limodzi likwanira: dzina la nyimbo, tsiku, wopeka mau, wopeka maimbidwe, mwini wa cojambulaco, ndi gawo la yense pa magawo 100, onse nasaina nyimbo isanaturuke pakhomo. Ikakhala nyimbo yakale imene woipeka anaiwalika, sikuti yasanduka yotola m'njira. Iri ya mudzi, ndipo cilolezo cicokere kwa nyakwawa ndi akuru a gulelo, dzina la mudzi nalo lilembedwe. Ziriponso zina, monga za ku dambwe, zimene eni ace sagulitsa pa mtengo uli wonse, ndipo mlembi wanzeru adzalemba kukanako pa pepala lomwelo.