Tsamba la maphunziro a bizinesi likonzedwenso, koma alikonzere yani?

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, Unduna wa Zamaphunziro unathamangira ku intaneti. Maphunziro a ku sekondale anaikidwa pa tsamba la Malawi College of Distance Education, ndipo kampani ya TNM inalola kuti ophunzira azilowapo osalipira. Ganizolo linali labwino ndipo sitikulinyoza. Koma aliyense wofuna kukonzanso tsamba lotere lero, makamaka gawo la Business Studies ndi zachuma, ayambe wayankha mafunso a ku Edingeni, kulikulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, kufupi ndi malire a Zambia.

Kodi mwana wa Fomu 3 wa kumeneko adzalitsegula pa chiyani tsambalo? Pa kompyuta ya ndani? Makomo ambiri foni yabwino ndi imodzi, mwina ija anatumiza bambo kapena malume kuchokera ku Joni, ndipo amasunga ndi mayi. Mwana amabwereka madzulo, batire litatsala pang'ono, chifukwa kutchaja n'kwa pa sola kapena kolipira pamalo ometera. Ndiye mukamuikira kanema wa theka la ola patsogolo penipeni, bandulo yake mwaiwerengera? Mukamuuza kuti alembetse ndi imelo asanaone ngakhale funso limodzi, mukudziwa kuti wabwerera pakhomo? Netiweki ikaduka pakati, ayambirenso pachiyambi?

Okonza masamba amakonda mitundu yowala ndi zithunzi zoyendayenda, poti ndi zimene zimaomberedwa m'manja tsiku lotsegulira. Kumudzi chofunika ndi phunziro lopepuka, loti ukalitsitsa kamodzi likhale m'foni, ulitumize kwa mnzako pa WhatsApp, mphunzitsi alisindikize pa pepala limodzi akapita ku boma la Mzimba.

Funso lalikulu koposa ndi la zimene zalembedwamo. N'chifukwa chiyani mwana wa kumwera kwa Mzimba aziphunzira za malonda ndi zitsanzo za masitolo a ku London, pamene iye anabadwira m'kati mwa phunzirolo? Amuna a ku Mzimba akhala akupita ku South Africa kukagwira ntchito kuyambira nthawi ya atsamunda. Nyumba zamalata zimene mukuziona m'midzimo zambiri zinamangidwa ndi ma rand. Mwanayo amamva akuluakulu akukangana za mtengo wa ku banki ndi mtengo wa pamsewu, amadziwa kuti wotumiza ndalama amadulidwa, ndipo woitapa pa Airtel Money kapena Mpamba amadulidwanso. Kodi tsamba lanu lili ndi phunziro limodzi loyambira pamenepo?

Taonani chitsanzo ichi. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsanso, ndipo dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Dziko lonse linati 44 peresenti, ndipo n'zoona kuti mtengo wa dola unakwera motero. Koma muuzeni wophunzira awerengere mbali inayo: K1,000 imene inkagula masenti 85 a dola inayamba kugula masenti 59, kutanthauza kuti kwacha inataya pafupifupi 31 peresenti ya mphamvu yake. Nambala ziwirizi n'zolondola zonse. N'chifukwa chiyani zikusiyana? Ndani anasekerera tsiku limenelo, banja lolandira ndalama za ku Joni kapena mlimi wofuna thumba la feteleza? Nanga ngati ali munthu mmodzi yemweyo? Mwana amene wayankha zimenezi wamvetsa zachuma kuposa woloweza matanthauzo khumi.

Ndipo zitsanzo sizithera pomwepo. Pa Jenda, m'mbali mwa msewu wa M1, tomato akachuluka mtengo umagwa dzuwa lisanapendeke, amayi n'kumathamangira basi iliyonse yoima ndi mabeseni pamutu. Kufuna kwa ogula ndi kuchuluka kwa katundu kuli poyera pamenepo. Chiwongoladzanja chikuphunzitsidwa kale ku banki mkhonde, ndipo katapila akuchiphunzitsa mwankhanza. Mavenda ogula chimanga nthawi yokolola, n'kudzachigulitsa kwa alimi omwewo mu Januwale, kodi si mutu wathunthu wa malonda?

Nanga mphunzitsi? Pa CDSS si zachilendo kupeza wophunzitsa Business Studies amene ku koleji anachita phunziro lina, mabuku ali ochepa, ana ali thoo m'kalasi. Iye safuna uthenga wa moni wochokera kwa bwana wamkulu patsamba loyamba. Akufuna mitu yotsatira silabasi, mafunso akale a MANEB ndi kayankhidwe kake, ndi ntchito ya maakaunti yoti ana ailembe m'makope. Kodi okonzawo anakhalapo pansi ndi aphunzitsi a ku Embangweni, ku Edingeni kapena ku Mzimba boma asanajambule kanthu? Kodi mphunzitsi wa kuno akalemba phunziro lake labwino la mitengo ya pa Jenda, pali khomo loti alilowetsere, kapena nzeru zimangotsika kuchokera ku Lilongwe ndi ku Domasi?

Za chiyankhulo tisazizembe. Mayeso a MSCE ndi a Chingerezi, ndipo mawu a phunziroli mwana ayenera kuwadziwa m'Chingerezi. Koma kuno anthu amatsatsa ndi kunenerera m'Chitumbuka. Ife tikulemba m'Chichewa, komabe sitinganame kuti n'chimene chimamveka pa msika wa Edingeni. Kodi n'chovuta chiyani kuika mawu ojambulidwa a mphindi ziwiri ofotokoza phindu, ngongole ndi mpamba m'chiyankhulo cha kunyumba?

Chomaliza ndi ndalama. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, loti lifikitse mafoni ndi intaneti kumadera osiyidwa. Kodi thumbalo silingalipire kuti masamba a maphunziro azitseguka ulere chaka chonse, osadikira mliri wina? Ndipo othandiza akadzanyamuka, ndani adzalembedwe ntchito yosintha mitengo ya m'zitsanzozo kwacha ikadzagwanso?