Miyendo ya Singer si poikapo kapu ya khofi

Mwezi wathawu mnzanga wina ananditengera kumalo ena omwera khofi ku Lilongwe. Titangokhala, phazi langa linagunda chitsulo pansi pa tebulo, chitsulocho n'kugwedera. Kusuzumira, ndinapeza kuti ndi chopondera cha makina osokera. Miyendo yachitsulo ija ili chilili, dzina la SINGER lili pakati, gudumu lilipo, koma lamba palibe, mutu palibe. Pamwamba anakhomapo thabwa la mlombwa lopaka vanishi. Mnzangayo n'kumati, "Zabho eti? Anthu akudziwa kudzutsa zakale." Ine khofi uja sanandikomerenso.

Kwathu ndi ku Chezi, mumsewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima. Mukadzatsika minibasi kuti mugule tomato, mudzaponye maso pamakhonde a magolosale. Mudzaona atelala akupalasa makina, wina akusoka yunifolomu ya mwana wa pulayimale, wina akuchepetsa buluku la pakaunjika, wina akupinda chitenje cha maliro chofunika mawa m'mawa. Magetsi azime kapena ayake, iwo sizikuwakhudza. Injini yawo ndi miyendo imene inu mwaikapo maluwayo.

Ambiri amaganiza kuti makina ndi mutu wokha, zinazo ndi mpando wake chabe. Ayi ndithu. Phazi likaponda, kandodo kamazunguza gudumu lalikulu, lamba n'kutengera mphamvu ija kumutu, singano n'kumabaya. Makina opukusa ndi dzanja amakudyera mkono umodzi, nsalu umaigwira ndi wotsalawo. Opondera amakusiyira manja onse awiri. Funsani telala aliyense kuti pa Januwale kapena pa Seputembala, makolo akamathamangira mayunifolomu, angasankhe ati.

Ndipo zitsulozi si za dzulo. Isaac Singer analembetsa makina ake mu 1851. Fakitale yaikulu ya kampaniyo ku Clydebank, m'dziko la Scotland, inatsekedwa mu 1980, kutanthauza kuti mwendo wochokera kumeneko ukathyoka, palibe wina akubwera. Ena mwa makinawa anafika m'midzi mwathu ndi agogo athu amene ankachokera ku Joni ndi ku Halale, pamodzi ndi njinga ndi wayilesi. Munthu anakumba mgodi kuti agule chida chodyetsa banja lake, lero chidacho chasanduka chojambulitsirapo zithunzi za pa Instagram.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe. Muti, "Tikadapanda kugula ife, akanagula a zitsulo zakutha aja n'kukazisungunula." Zoona, anyamata a sikelo aja amayendadi m'midzi. Koma kodi njira ndi ziwiri zokhazo, ng'anjo kapena khofi? Yachitatu ilipo, ndiyo yophwekanso: kuipezera mutu. Makina ambiri a Butterfly ochokera ku China anapangidwa motengera Singer wakale, motero mutu wake nthawi zambiri umakhala bwinobwino patebulo la Singer. Chotsala ndi lamba watsopano, mafuta pang'ono, ndi mmisiri wa matabwa ngati chiswe chinadya pamwamba. Basi.

Mutinso, "Nanga mwiniwake akafuna kugulitsa yekha?" Apa sindikudzudzula gogo wogulitsa. Pa Febuluwale, nkhokwe itagwa, munthu amagulitsa ngakhale mbuzi yabere. Ndikudzudzula wogula, amene amadziwa kuti m'tauni akagulitsa pamtengo wina akangopaka penti yakuda, koma pamudzi amanena kuti "ndi chitsulo chabe ichi, agogo." Ndipo mudziwe kuti miyendo ikapita, mutu umakankhidwira kunsi kwa bedi, dzimbiri n'kuumaliza. Wagula theka, wapha zonse.

Chondinyansa kwenikweni n'chakuti ife amene tinapita kusukulu ndi amene tikutsogolera izi. Masana tili m'misonkhano kudandaula za ulova wa achinyamata, madzulo tikudyera patebulo limene likanapatsa mtsikana wina wa ku Mvera ntchito. Amaliza maphunziro a zosoka, satifiketi ali nayo, makina alibe.

Sindikukana zokongoletsa. Ngati gudumu linasweka, chitsulo chinang'aluka moti owotcherera akanika, tengani, ikanipo galasi, ikanipo beseni losambira m'manja, zanu zimenezo. Koma musanagule, pondani kaye. Chopondera chikayenda, gudumu n'kuzungulira, chinthucho chidakali moyo. Mukachipeza kuseri kwa nkhokwe ya agogo anu, musaimbire wa loji. Pitani pakhonde, mufunse telala ngati ali ndi wophunzira amene akudikira makina.