Kodi galuyu ngwayani?

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga wamkulu, watulukira kuchokera ku Joni sabata yathayi masaya atatuluka, foni ziwiri m'manja, Chichewa chake chitayamba kupendekera mbali imodzi. Kumeneko amasamala maluwa ndi kapinga pakhomo pa bwana wina, ntchito imene yakhomera malata nyumba zambiri kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Ntaja. Tinakhala pakhonde masana, dzuwa lathu la ku Balaka likuswa mtengo, tikutsitsira thobwa. Galu wanga, Zilikwaiwo, anali lambalamba pansi pa nkhokwe, lilime lili panja. Mnyamatayo anamuyang'anitsitsa, kenaka n'kufunsa kuti, "Amalume, galu wanuyu ali ndi chipu?"

Ine ndinamva tchipisi. Ndinamuuza kuti pakhomo pano tchipisi cha pachiwaya timachiona pa Khrisimasi, ndipo sichifika pansi pa nkhokwe. Galu wa kuno amadikira mkute ndi mitu ya utaka, akachita mwayi mafupa a mbuzi ya pa ukwati.

Atatha kuseka anandifotokozera. Chipu, kapena kuti microchip, ndi kanthu kangati njere ya mpunga. Dokotala wa ziweto amakalowetsa pansi pa khungu la galu ndi jakisoni wa singano yonenepa, kawirikawiri chapamwamba pa mapewa. Kalibe batire, sikalira, sikawala. Kamangosunga nambala ya manambala 15, ndipo nambalayo imaoneka pokhapokha wina akayendetsa kamakina kounikira pamsana pa galuyo. Akaiona amakaifufuza m'kaundula wa pa kompyuta, m'mene muli dzina la mwini galu, kumene amakhala ndi foni yake. Agalu awiri a bwana wake onse ali nako. Akuti wina anatuluka pageti tsiku lina, anthu okoma mtima anamutola n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto, ndipo dzuwa lisanalowe foni ya bwana inalira.

Ndinafunsa ngati kanthuko kamaonetsa kumene galu ali, monga amachitira magalimoto a makampani. Iyayi, sikatero. Galuyo wina ayambe wamutola, akhale ndi mtima wopita naye kumene kuli kamakinako, ndiponso mwiniwake akhale kuti sanasinthe foni chilembetsereni. Apa ndinaganizira anthu a kwathu kuno amene amasintha laini ya foni akangokongola ndalama ku banki m'khonde.

Nkhaniyi yandikhala m'mutu sabata yonse, mpaka ndinabwereka foni ya mdzukulu wanga n'kufufuza. Ku England, Scotland ndi Wales, kuyambira pa 6 April 2016, ndi lamulo kuti galu aliyense akhale ndi chipu akamakwana masabata 8, ndipo wonyozera angathe kulipitsidwa mpaka mapaundi 500. Mu 2024 a ku England anawonjezerapo amphaka. Amphaka, abale anga! Chipu chisanafale ankatema agalu mphini. Inde, mphini, ngati zija agogo athu aakazi ankatema pamasaya ndi pamimba, koma izi zinali manambala olemba ndi inki m'kati mwa khutu kapena pantchafu. Vuto lake mphini zimafufuma, ubweya umaziphimba, ndipo wakuba wouma mtima amangodula khutulo. Mayiko a mu European Union masiku ano savomera mphini pa galu wodutsa malire, pokhapokha zikhale zotemedwa pa 3 July 2011 pasanafike ndiponso zikuwerengeka bwino.

Kumeneko galu amadutsa malire ndi pasipoti yake m'manja mwa mbuye wake. Pitani ku Nayuchi mukaone ngati galu wa kumeneko amaima pa ofesi iliyonse akamakayendera chibwenzi chake ku Mozambique. Ifeyo anthu, chitupa cha unzika chokhala ndi nambala tinachiona mu 2017, pamene dziko linalemba anthu oposa 9 miliyoni. Ndiye kuti galu wa ku London anatitsogolera ndi chaka chathunthu.

Poyamba ndinangoseka, poti ndani sadziwa kuti galu wa kumudzi sasochera? Mutayeni ku Phalula, mawa m'mawa mumupeza pakhomo akugwedeza mchira. Zizindikiro nazonso sitinayambe kuziphunzira kwa azungu. Mbuzi timaidula kansonga ka khutu, banja lililonse kadulidwe kake. Nkhuku yobwera kumene timaimangirira kansanza paphiko. Ng'ombe singachoke m'mudzi kupita ku msika popanda kalata ya amfumu ndi chilolezo cha a ziweto. Galu yekha ndiye sitivutika naye, chifukwa nkhope yake mudzi wonse umaidziwa, ndipo dzina lake ndi kalata yokwanira.

Za mayina a agalu ndisayambe, ndingachezere. Ana a masiku ano angodziwa Bruno, Taiga, Poizoni ndi Denja, mayina opanda mchere. Makolo athu galu ankamutcha dzina loti liyankhule zimene pakamwa pakuopa kunena. Mayi amene apongozi ake akumudya miseche sankapita kubwalo; ankangopeza kagalu n'kukatcha Mundinenerenji, ndiye madzulo aliwonse ankaima pakhomo ndi mbale ya mkute n'kuitana mokweza mpaka mawu kukafika kuseri kwa mpanda. Kunali Adaniwanga, kunali Mulibechisoni, kunali Tionenjiru. Wangayu ndinamutcha Zilikwaiwo chaka chimene tinakangana za malire a dimba ndi anthu ena amene sindiwatchula, ndipo iwowo amadziwa. Chipu cha manambala 15 chingakuuzeni kuti mwini galu ndani, koma sichingakuuzeni amene anamulakwira.

Kuseka kwanga kunathera pomwepo, chifukwa ndinakumbukira chilonda cha mwana wanga.

Papita zaka, koma ndikatsinzina ndimakaonabe. Mtsikana wanga wachiwiri, ali Sitandade 3, akuchokera kusukulu, analumidwa pakatumba ka mwendo ndi galu wakuda wa banga loyera pachifuwa. Mano anayi, awiri pamwamba awiri pansi, magazi akutsikira mu sokosi yoyera. Galu ameneyo mudzi wonse unkamudziwa. Tinkadziwa khomo limene ankagona, mphika umene ankanyambita, ngakhale dzina lake. Koma nditafika pakhomopo ndi mwana kumsana, bambo wa pamenepo anandiyang'ana m'maso muli gwa n'kunena kuti, "Achimwene, ameneyo si wathu. Amangobwera."

Amangobwera! Mawu amenewa mwawamvapo inunso, musakane. Galu akagwira kalulu ku uzimba ali ndi mwini, mwinanso eni atatu okanganirana mwendo. Akathamangitsa anyani m'munda wa chimanga cha m'mphepete mwa phiri la Chikala, mbuye wake amadziguguda pachifuwa. Akauwa usiku mbala n'kuthawa, m'mawa timamva kuti galu wamkota sakandira pachabe. Koma tsiku limene wapha mbuzi ya eni, wamwa mazira a nkhuku ya eni, waluma mwana wa eni, galu yemweyo amasanduka mwana wamasiye, wopanda mbuye ngakhale mmodzi pansi pa thambo.

Ine sindinkafuna chipukuta misozi. Ndinkafuna zinthu ziwiri zokha: kudziwa ngati galuyo anabayitsa katemera wa chiwewe, ndi kuti amumange masiku 10 tione ngati adwale, poti ndi mmene a ziweto amadziwira ngati galu anali ndi chiwewe pamene ankaluma. Kutacha galuyo anali atazimirira. Ena ankati amuthamangitsira kutsidya kwa Shire, ena ankati ali m'dzenje kuseri kwa bafa. Agogo ake a mwanayo anati tipeze ubweya wa galuyo, tiwotche, phulusa lake tipake pabala. Ndinawayankha mwaulemu kuti ngakhale ubweyawo ukanakhala mankhwala, mwini ubweya wathawa. Chimene chinathandiza ndi mphunzitsi wina amene anali atatsuka kale balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. A zaumoyo amati mphindi 15, ndipo mphindi zimenezo zapulumutsa anthu ochuluka. Kenaka unali ulendo wa kabaza: kukatenga kalata kwa a ziweto, kupita kuchipatala china kumene anati katemera watha, kukwera minibasi kupita china. Jakisoni wake si wa tsiku limodzi, umabwererako. Mbuzi yanga yaikazi inathera pa thiransipoti. Bambo uja timapatsana moni mpaka lero, koma ndikamuona pamaliro akuyendetsa mwambo, m'mutu mwanga mumangomveka "amangobwera".

Chiwewe si matenda ochita nawo nthabwala. Zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi kuja, dovu kuja, palibe dokotala wa ku Queens kapena wa ku Joni amene angabweze munthu. A World Health Organization amati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ambiri a mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo chimawafika kudzera kwa galu. Mwa iwo muli ana ochuluka, chifukwa mwana ndiye amaseweretsa galu, ndiponso mwana akakandidwa amabisa poopa kukalipiridwa.

Tsono apa ndi pamene ndikusiyana ndi mphwanga. Bwana wa ku Joni amaika chipu kuti galu wake akasowa amupeze. Ife kuno chosowa si galu, chosowa ndi mwini galu. Ndipo ngati n'kusankha chizindikiro, ine changa ndinachiona kale, ndipo n'chotchipa kuposa botolo la Fanta. Mu 2015 bungwe la ku Britain la Mission Rabies, pamodzi ndi a ziweto a boma, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha ogwira ntchito. Galu aliyense wobayidwa ankamupaka utoto wofiira pamutu, mwiniwake n'kulandira kakhadi. Utotowo si wokongoletsa. Pambuyo pake anthu ankayenda m'makwalala n'kumawerenga: ofiira mutu angati, osafiira angati. Akatswiri amati mukabaya agalu 70 pa 100 aliwonse, chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podumphira, ndipo ku Blantyre chaka chimenecho anapyola pamenepo. Ntchitoyo inafalikira ku Zomba ndi ku Chiradzulu. Utoto umachoka pakapita masiku, zoona, koma masiku amenewo aliyense wodutsa, ngakhale wosadziwa kuwerenga, amaona ndi maso ake khomo limene lasamala ndi khomo limene lanyozera. Sipafunika kamakina, sipafunika netiweki, sipafunika magetsi amene kuno amabwera ngati mlendo.

Koma nafenso tili ndi khalidwe. A ziweto akalengeza kuti Loweruka kuli katemera waulere pasukulu yakutiyakuti, amene amapita ndi ana, atakoka agalu ndi luzi kapena chingwe cha nsanza, ena atanyamula tiana ta galu m'beseni. Abambo ali pa bawo. Ukawafunsa amati galu wanga sagwirika, kapena akabayidwa asiya ukali, kapena ndipita ulendo winawo. Pakadafunda padajiwitsa galu, akulu adanena, ndipo pamwambi umenewu wojiwa anali galu. Masiku ano wojiwa ndi mwana wa mnansi wako. Kakhadi kakatemera kaja nako, mwa amene analandira, ndi angati angakatulutse lero? Ena anakulungira fodya. Munthu amene walephera kusunga kapepala m'Baibulo kapena m'thumba la makhadi a kusikelo, ndiye akakumbukire kukasintha nambala ya foni m'kaundula wa pa kompyuta?

Tsiku lija pakhonde, mphwanga atandimva anati ndine wachikale, ndipo anandikumbutsa kuti ngakhale kufupi kuno ku Machinga kunafika agalu oyenda ndi zipangizo. Sananame kwenikweni. Mu 2021 a African Parks, amene akuyendetsa nkhalango ya Liwonde kuyambira 2015, anabweretsa mimbulu 14 m'dziko muno kuchokera ku South Africa ndi Mozambique. Ina inapita ku Majete, ina ku Liwonde, ndipo ina mwa iyo anaiveka makolala a wailesi oti azidziwa kumene ili. Amenewo ndiye amaonetsadi malo, osati chipu chake chija. Ndinamuyankha kuti mimbuluyo inali yowerengeka pa zala ndipo inali ndi anthu olipidwa kuti aziilondola. Komanso mmodzi mwa adani aakulu a mimbulu, kupatula misampha ya waya, ndi matenda ochokera kwa agalu a m'midzi, chiwewe chomwecho. Ndiye kolala ya madola ambirimbiri ili m'khosi mwa mmbulu ikudalira jakisoni amene Taiga wa kunja kwa mpanda sanabayidwe chifukwa mbuye wake anali pa bawo.

Tinatsutsana mpaka mthunzi wa nkhokwe unafika pakhonde. Iye akuti chipu, ine ndikuti utoto ndi kaundula wa kwa amfumu, buku wamba la sukulu lolembamo kuti khomo lakuti lili ndi agalu angati, amtundu wanji, anabayidwa liti. Amfumu amadziwa kale amene ali ndi mbuzi zingati ikafika nthawi ya chindapusa; agalu angawakanike?

Tili m'kati motero panafika mayi wina wa kuseri kwathu, lichero lopanda kanthu m'manja, chitenje atamangira m'chiuno mwa nkhondo. Anati anayanika matemba pathandala, wangolowa m'nyumba kukatenga mchere, potuluka wapeza lichero lili pansi. Ana amuuza kuti ndi galu wofiirira, wodukaduka khutu lakumanzere.

"Bambo, galu ameneyo ngwayani?"

Ndinamva pakamwa panga payamba pokha: "Aaa, mayi, ameneyo amango…"

Zilikwaiwo anatuluka pansi pa nkhokwe, nadzinyolola, n'kubwera kudzagona pamapazi anga penipeni, kamchira ka themba kali pamlomo. Mphwanga anaika chikho cha thobwa pansi n'kundiyang'ana, osanena kanthu. Ndinapisa m'thumba.