Nsanja ya boti si geti, mtengo wake uli pobisika

Ku America, Australia ndi South Africa kuli masewera apamadzi otchedwa wakeboard. Munthu amaima pa kathabwa, n'kugwira chingwe cha mamita pafupifupi 20, boti la injini n'kumamukoka pa liwiro la makilomita 30 mpaka 40 pa ola. Kukoma kwake kuli podumpha funde lomwe boti limasiya m'mbuyo. Kuti adumphe bwino, chingwe chimayenera kuchokera m'mwamba. N'chifukwa chake maboti a masewerawa amakhala ndi nsanja ya mapaipi ya miyendo inayi, yodutsa pamwamba pa mutu wa woyendetsa, ndipo chingwe amachikoleka pamwamba pake.

Kampani ya Correct Craft ya ku Florida, yomwe imapanga maboti a Nautique, ndiyo idatchukitsa nsanjayi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1999 boma la America lidaipatsa chiphaso cha umwini wa lusoli. Maboti akale okokera anthu pamadzi adalibe nsanja. Adali ndi kamtengo kachitsulo kofika m'chiuno, kozikidwa pakati pa boti. Mwini boti lakale akafuna nsanja, njira zake n'zitatu: kugula boti latsopano, kuitanitsa nsanja yopangiratu, kapena kuipangitsa pakhomo. Ku America ena amasankha yachitatu poona kuti mapaipi ndi otsika mtengo kuposa nsanja ya m'sitolo.

Nkhaniyi siili kutali ndi msika wa kuno. Malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja, monga ku Mangochi ndi Senga Bay, ali ndi maboti okokera alendo pamadzi. Ndalama zakunja zikusowa, ndipo katundu woitanitsa amadula ndi msonkho komanso mayendedwe. Mwini boti akafuna nsanja, mwachidziwikire adzatenga chithunzi cha pa foni n'kupita nacho kwa wowotcherera zitsulo yemwe amamupangira mageti ndi mafelemu a mawindo. Wowotchererayo asathamangire kuyeza mapaipi n'kutchula mtengo ngati wa geti. Ntchitoyi ailandire pa mtengo wake weniweni, apo ayi aikane.

Chifukwa choyamba makaniko aliyense akuchidziwa. Nati ya tayala ikakana, amalowetsa paipi yaitali ku sipanala, natiyo n'kumasuka ndi mphamvu ya munthu yemweyo. Nsanja ndi paipi yaitali ija. Chingwe chikakwera kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita awiri, mphamvu yopotokola pansi imawirikiza kawiri ngakhale wokokedwayo ali yemweyo. Komanso wosewera sakoka mofatsa. Amathamangira kumbali, kudumpha, kugwa, ndipo chingwe chimatukula nsanja uku ndi uku kambirimbiri pa tsiku limodzi. Geti likathyoka, mwini wake amangodandaula. Nsanja ikazuka imagwera m'boti momwe mwakhala anthu, pakati pa nyanja.

Chachiwiri ndi boti lenilenilo. Kamtengo kakale kaja kamazikidwa pa mafupa a boti, pansi penipeni. Miyendo ya nsanja imakhala pamphepete pamwamba, pomwe fiberglass yake sadaipange kuti inyamule katundu wotere. Maboti ambiri a m'ma 1980 ali ndi matabwa mkati mwa fiberglass, ndipo pakatha zaka 30 kapena 40 matabwawo amatha kuwola osaonekera kunja. Bawuti yomangidwa pamalo otere ili ngati msomali wokhomedwa pa chipupa chonyowa. Opanga nsanja za m'sitolo amalangiza kuika chimbale cholimba kunsi kwa mwendo uliwonse, ndi kuwonjezera fiberglass pomwe papyapyala, kuti mphamvu igawike pamalo aakulu. Kasitomala sadzaona zimenezi boti likamayandama, koma nsanja yonse imadalira pomwepo.

Chachitatu ndi mtundu wa chitsulo. Nsanja zambiri za m'sitolo amapanga ndi aluminiyamu wa mtundu wa 6061-T6, mapaipi a mainchesi awiri kapena kuposera pang'ono. Aluminiyamuyu ndi wopepuka komanso wolimba, koma akawotcheredwa, malo oyandikira chowotchereracho amataya pafupifupi theka la mphamvu zake chifukwa cha kutentha. Pamafunika makina a TIG kapena MIG okhala ndi gasi wa argon, ndi dzanja lozolowera. Makina a ndodo a pamsika sapereka ntchito yodalirika pa mapaipi amenewa. Wina anganene kuti bwanji osangogwiritsa ntchito chitsulo wamba. Chitsulo wamba chimalemera pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu wa kukula komweko, ndipo chimachita dzimbiri kuyambira mkati mwa paipi momwe penti safika. Katundu wolemera akakhala pamwamba pa boti lopapatiza, botilo limapendekeka msanga pokhota. Ngakhale mabawuti ali ndi nkhani yawo: osachita dzimbiri ndiwo oyenera, koma akakhudzana ndi aluminiyamu pamalo onyowa amamudya pang'onopang'ono ngati sadapakidwe mankhwala otchinga.

Alipo amene angatsutse, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Amisiri a ku Ndirande ndi Mchesi amapanga ngolo, zigayo ndi matupi a malole popanda buku lililonse, ndipo zinthuzo zimagwira ntchito zaka zambiri. Kuwauza kuti akane ntchito m'nyengo yovuta ino kuli ngati kuwalanda nsima pakamwa. Luso lilipodi, palibe akukana. Vuto lili pa katchulidwe ka mtengo. Mmisiri akawerengera mapaipi, ndodo, penti ndi tsiku limodzi la ntchito, amapeza mtengo wokondweretsa kasitomala chifukwa wasiya kunja zinthu zomwe zimateteza moyo. Kutsika mtengo kwa nsanja yapakhomo nthawi zambiri kumachokera pa zimene zasiyidwazo.

Wofuna kuilandira ntchitoyi ayambe ndi kukaona boti, osati chithunzi. Agogode pomwe miyendo idzakhale, aone ngati dzanja lingafike kunsi kukamanga chimbale ndi nati, ndipo ulendo umenewo aulipiritse. Pamtengo alembe chilichonse pachokha: mapaipi, zimbale zinayi zakunsi, mabawuti osachita dzimbiri, gasi, ntchito ya fiberglass, mayendedwe opita kunyanja, tsiku loyesera, ndi ulendo wina wodzaonanso mabawuti boti likagwira ntchito kwa masiku angapo. Ngati alibe makina a aluminiyamu, apereke gawo limenelo kwa amene ali nawo n'kuliika pamtengo. Ngati sadagwirepo fiberglass, aitane wokonza maboti. Safunsa adadya phula.

Pakhalenso kalata yosainirana. Ilembedwe kuti nsanjayo ndi yokokera munthu mmodzi wa pa kathabwa basi. Opanga nsanja za m'sitolo amaletsa kukokerapo machubu opopa omwe ana amakwera, kapena boti lina, chifukwa chubu chikamira kutsogolo chimakoka ndi mphamvu yoopsa. Mwini malo ogona alendo akadzaphwanya lamuloli, kalatayo ndiyo idzayankhulire mmisiri. Mwini boti akumbutsidwenso kuti boti lonyamula anthu olipira limayenderedwa ndi a dipatimenti yoona za maulendo apamadzi, choncho awafunse asanalisinthe.

Kasitomala akaona mtengo wonsewo n'kunena kuti wakwera, mmisiri asautsitse pochotsa zimbale kapena kusintha chitsulo. Amuuze kuti auyerekeze ndi nsanja yoitanitsa kunja itafika pano, msonkho ndi mayendedwe zitawerengedwa. Ikapezeka kuti yoitanitsayo ndi yotsikirapo, palibe chotayika, chifukwa nayonso imafuna munthu woiyeza, kuboola ndi kumanga zimbale, ndipo imeneyo ndi ntchito yolipidwa. Kunyanja kulinso ntchito zina zomwe makina a pamsika amazikwanitsa bwino: ngolo zokokera maboti, mafelemu a tenti ya mthunzi, makwerero ndi poikapo matabwa osewerera. Phindu lake ndi locheperapo, koma limabwerezabwereza.

Chuma chachikulu cha mmisiri wa pamsika ndi dzina lake. Eni maboti ndi ochepa ndipo amadziwana, kotero mbiri ya nsanja imodzi yozuka ingafike ku Nkhata Bay mwini wake asanabwerere ku shedi. Yemwe wauza kasitomala kuti boti lake lawola ndipo silingalandire nsanja, wataya ndalama za sabata imodzi. Koma kasitomala yemweyo akadzafuna ngolo ya boti kapena geti la malo ake, adzadziwa khomo loti agogode.