Galu m'kangolo ka njinga: tisanaseke, tiyambe taona wovutika ndani

Pali nkhani ina imene anzathu okhala ku Ulaya amakonda kutisimbira akafuna kutiseketsa. Amati m'misewu ya ku Amsterdam, Copenhagen kapena Berlin, munthu wamkulu wandevu zake amapalasa njinga thukuta lili kamukamu, kumbuyo akukoka kangolo ka matayala awiri, ndipo m'kangolomo muli galu ali khale, akuonerera dziko ngati bwana wopita ku msonkhano. Ambiri tikamva zimenezi timafa nalo phwete, ena n'kumapukusa mitu kuti chuma chawazunguza anthuwa. Ine ndikufuna kunena poyera kuti pa nkhani iyi wokoka galuyo ndi amene akuchita chanzeru. Woyenera kufunsidwa mafunso ndi uja amene amapalasa mwaliwiro, galu wake akumuthamangira pambuyo lilime lili panja, iye osacheuka n'komwe.

Tiyambe tachidziwa chinthucho. Kangoloka kamamangiriridwa pa chitsulo chimene gudumu la m'mbuyo la njinga limazungulirapo. Pansi pake m'polimba ndiponso m'pafupi ndi nthaka, kuti galu azikwera yekha komanso kuti kasamagubuduke pokhota. M'mbali muli ukonde wolowetsa mphepo, m'kati muli mphete yomangirirapo chingwe, ndipo pamwamba amaimikapo kambendera koti oyendetsa galimoto akaone ali patali. Tina tikuluikulu timanyamula galu wolemera mpaka makilogalamu 45. Makampani otchuka pa ntchitoyi ndi monga Burley ya ku Eugene m'chigawo cha Oregon ku America, yomwe inakhazikitsidwa mu 1978, Croozer ya ku Germany ndi DoggyRide ya ku Netherlands. Dziko la Netherlands lili ndi njinga pafupifupi 23 miliyoni pomwe anthu ake ndi pafupifupi 18 miliyoni. Kumeneko njinga ndiyo miyendo ya munthu popita kuntchito, kumsika ndi kusukulu. Choncho mwini galu akafuna kupita naye kwa dokotala wa ziweto kapena kunkhalango yomwe ili kutali ndi nyumba, funso lake n'lophweka: ayenda naye bwanji?

Chochititsa chidwi n'chakuti m'mayiko omwewo, si kale kwambiri, galu ndiye ankakoka munthu. Ku Belgium ndi ku Netherlands agalu ankamangidwa pa tingolo ta mkaka, ndiwo zamasamba ndi buledi, n'kumazungulira misewu tsiku lonse. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, asilikali a ku Belgium ankakoketsa agalu mfuti zawo zikuluzikulu. Ku London mchitidwewu unaletsedwa ndi lamulo la 1839, ndipo mu 1854 chiletsocho chinafalikira dziko lonse la Britain. Ku Netherlands boma linayamba kuuikira malire mu 1910, koma unatheratu mu 1962. Ndiye kuti agogo ena amene lero akukoka galu pa njinga ku Utrecht anabadwa agalu akadali pa goli. Anthuwa sanabadwe achifundo kuposa ife. Anaona kuzunzika kwa nyamayo, anakangana zaka zambirimbiri, kenaka n'kusintha. Kangolo ka lero ndi chipatso cha mkangano umenewo.

Koma mbiri payokha sitsimikiza kanthu. Chotsimikiza ndi thupi la galu. Munthu akatenthedwa amatuluka thukuta thupi lonse, mphepo n'kumuziziritsa. Galu alibe mwayi umenewo. Thukuta lake limatulukira kwenikweni kumapazi, ndipo ndi lochepa. Njira yake yaikulu yodziziziritsira ndiyo kupuma wefuwefu, madzi a palilime ndi a kukhosi n'kumauma ndi mpweya. Kutentha kwa thupi lake ali bwinobwino kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39, ndipo kukapitirira 41 ubongo, impso ndi chiwindi zimayamba kuwonongeka. Tsono taganizirani kusiyana kwa awiri amene ali pa ulendo umodzi. Wapanjinga wakhala pansi, mphepo ikumuwomba kumaso, ndipo pamtsetse amangoleka kupalasa n'kumapuma. Galu alibe mtsetse wopumirapo. Potsika njinga imawonjeza liwiro, iye n'kuwonjezanso mphamvu. Mutu wake uli pafupi ndi phula lotentha, mapazi ake akuponda phulalo popanda nsapato.

Mu 2020 akatswiri a ku Royal Veterinary College ndi a ku yunivesite ya Nottingham Trent ku Britain anafalitsa zimene anapeza atasanthula mabuku a zipatala za ziweto. Mwa agalu 100 alionse amene anadwala chifukwa cha kutentha, pafupifupi 74 anadwala atathamanga, atayenda kapena atasewera. Amene anadwala chifukwa chotsekeredwa m'galimoto anali pafupifupi 5 okha. Kumbukirani kuti izi zinapezeka ku Britain, dziko lozizira. Nanga galu wothamangira njinga mu Okutobala ku Nsanje, ku Tete kapena m'chigwa cha Luangwa, kumene kutentha kumafika madigiri 40, angakhale pa ngozi yotani?

Chovuta china n'chakuti galu sadziwa kukana. Bulu akatopa amaima, ngakhale mum'kwapule. Galu amatsatira mbuye wake mpaka kugwa, chifukwa kwa iye kutsalira m'mbuyo n'koopsa kuposa kutopa. Chikondi chake chomwecho ndicho chimamupha. N'chifukwa chake mawu akuti “akanatopa akanaima yekha” ndi opanda pake. Amene ali ndi udindo woimitsa ulendo ndi wapanjinga.

Ndiponso si agalu onse angathamange ngakhale kunja kutazizira. Mwana wa galu mafupa ake amakhala asanakhwime kufikira atakwanitsa chaka chimodzi, ndipo a mtundu waukulu amafika chaka ndi theka. Kumuthamangitsa mtunda wautali pa msewu wolimba n'kumuyambitsira kulumala. Galu wokalamba amagwidwa nyamakazi monga munthu. Agalu a mphuno zophwatalala, monga pug ndi bulldog, amavutika kupuma ngakhale atangokhala. Palinso ovulala ndi amene angochitidwa opaleshoni. Onsewa popanda kangolo atsala pakhomo, kapena akakamizidwa kuchita zimene thupi lawo silingathe. Malamulo a pamsewu a ku Germany amalola munthu kuyendetsa galu pachingwe ali pa njinga, ndipo kwa galu wamkulu, wathanzi, wozolowera, m'mawa kukadali kozizira, palibe cholakwa. Koma chololedwa ndi lamulo si nthawi zonse chimakhala chanzeru. Galu akaona mphaka n'kudumphira kumbali, chingwe chimakoka chiwongolero kapena kukolana ndi masipoko, ndipo onse awiri amapezeka ali pansi.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zomveka. Yoyamba ndi yakuti galu wokwezedwa amasanduka mlesi n'kunenepa. Zimenezi zingachitikedi ngati kangoloko kalowa m'malo mwa kuyenda. Kunenepa kwa agalu ndi vuto lenileni ku Ulaya ndi ku America, ndipo kumafupikitsa moyo wawo. Koma ntchito yoyenera ya kangolo ndi kudutsitsa galu pamene pali poipa, pa msewu wa galimoto zambiri ndi pa phula lotentha, kuti akatsike pamene pali pabwino, paudzu kapena m'mbali mwa mtsinje, n'kuthamanga mwakufuna kwake, kununkhiza, kuima ndi kumwa madzi. Mayi wobereka mwana popita kumsika sitinena kuti akumuletsa kuphunzira kuyenda.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti kangoloko nakonso kali ndi ngozi zake, ndipo apa ndikuvomereza ndi mtima wonse. Kakatsekedwa ndi pulasitiki dzuwa likuswa mtengo, m'kati mumatentha ngati mu uvuni. Gudumu la m'mbuyo limaponyera fumbi ndi timiyala kumaso kwa galu ngati ukonde wakutsogolo uli chitsegukire. Galu womangidwa m'khosi akayesa kudumpha akhoza kupotoleka, n'chifukwa chake chingwe chiyenera kukhala chachifupi ndipo chimangidwe pa lamba wa pachifuwa. Katundu wa makilogalamu 30 kapena 40 kumbuyo amachititsa kuti njinga ichedwe kuima, choncho mabuleki ayenera kukhala abwino ndipo pokhota pamafunika kudekha. Komanso galu sangoponyedwamo tsiku limodzi n'kunyamuka. Kangoloko kamayamba kaikidwa pakhomo kali chiimire, galu n'kumadyeramo ndi kugonamo masiku angapo. Kenaka mwini amakakoka pamanja, pambuyo pake n'kumayenda timaulendo tatifupi. Galu amene akunjenjemerabe ndi kulira pambuyo pa zonsezi asiyidwe, si onse amene adzakonde. Zonsezi zikutiphunzitsa kugwiritsa ntchito chipangizocho mosamala. Palibe chimene chikutiuza kuti kuthamangitsa galu ndiko kwabwino.

Mfundo yachitatu ndiyo yolemera, ndipo ndi imene ili pansi pa kuseka kwathu. Munthu amati: kwathu mayi woyembekezera akusowa chomufikitsira kuchipatala, inu mukukamba za ngolo ya galu? Mawuwa ali ndi ululu weniweni ndipo sindingawapeputse. Kangolo ka m'sitolo ya ku Ulaya mtengo wake umaposa wa njinga imene ambiri a ife timakwera, ndipo m'misewu yathu ikuluikulu, mopanda njira yapadera ya njinga, kukoka ngolo pakati pa malole ndi maminibasi n'kuika moyo pachiswe. Sindikuuza munthu kuti akaitanitse katunduyu kunja. Koma tiyeni tione bwino chimene tikuseka. Kukoka ngolo pa njinga si chachilendo kwa ife: Sakaramenta ku Blantyre ndi Zambikes ku Lusaka akhala akupanga maambulansi okokedwa ndi njinga, ndipo owotcherera zitsulo m'misika yathu luso limeneli ali nalo. Kunyamula chiweto pa njinga nakonso si chachilendo: mbuzi, nkhumba ndi nkhuku zimakwera kaliyala tsiku ndi tsiku. Chimene chimatiseketsa ndi galu yekhayo. Mbuzi timainyamula chifukwa ikukagulitsidwa. Galu, amene watilondera usiku wonse, amene wapirikitsa anyani kumunda ndi kutiperekeza ku uzimba, timaona ngati kumunyamula n'kudzitsitsa. Dzina lake lomwe tinalisandutsa chitukwano.

Kunyoza kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi ana athu. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka a iwo ku Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse amachitenga kwa agalu, ndipo anthu 40 mwa 100 alionse amene amafa ndi ana osafika zaka 15. Matendawa akangoyamba kuonetsa zizindikiro, kuchira kumakhala pafupifupi kosatheka. Njira yodziwika yowathetsera ndiyo kubaya katemera agalu osachepera 70 mwa 100 alionse m'dera. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20. Ofufuza anapeza kuti kutalika kwa mtunda ndi kuvuta kwa kumugwira galuyo zinali zina mwa zifukwa zimene zinalepheretsa eni agalu kubwera kumalo obayira. Apa mpamene nkhani ya ku Amsterdam ikukumana ndi yathu. Galu amene anazolowera kugwiridwa, kumangidwa lamba ndi kunyamulidwa kuyambira ali mwana ndi galu amene angafike pa katemera. Galu amene amangodziwa mwala ndi chikoti sangafikeko, ngakhale katemerayo akhale waulere. Kunena zoona, kangolo si mankhwala a chiwewe, ndipo galu amene akuonetsa zizindikiro za matendawa sayenera kugwiridwa kapena kunyamulidwa ndi wina aliyense, koma kuitanira alangizi a ziweto. Komabe funso limene mwini galu wa ku Ulaya anadzifunsa, lakuti nyama yangayi ndiifikitsa bwanji kutali osaipweteka, ndi funso limene ifenso tikufunika kuliyankha, pa zifukwa zazikulu kuposa zake.

Yankho lathu silikuyenera kufanana ndi lawo. Lingakhale dengu lolimba la nsungwi lomangidwa bwino pa kaliyala, la tiana ta agalu. Lingakhale kangolo kamodzi kopangidwa ndi matayala akale a njinga, kosungidwa kwa mfumu kapena kwa mlangizi, kothandiza mudzi wonse pa tsiku la katemera. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Sitikakamizidwa kumeta monga ametera iye, koma n'kupusa kukana kuona kuthwa kwa kalumoko chifukwa choti mwini wake watiseketsa.

Ndipo pali china chimene sichifuna ndalama ngakhale tambala. Ngati muli ndi galu amene amakonda kukutsatirani mukakwera njinga, musanyamuke naye dzuwa lili paliwombo. Ulendo ukakhala wautali m'mangireni pakhomo pamthunzi, madzi ali pafupi. Mukapita naye, palasani pa liwiro loti iye azingoyenda mothamangirako pang'ono, muziima pafupipafupi, ndipo muzicheuka. Mukaona lilime latuluka kwambiri, dovu likuchucha, miyendo ikudzandira, tsikani pomwepo, mum'goneke pamthunzi, mum'thire madzi ozizira thupi lonse ndi kum'patsa akumwa pang'onopang'ono. Iye sadzakupemphani kuti muime. Muyenera kum'ganizira ndinu.