Kalata kwa Bwana Administrador wa Boma la Maravia

Wolemekezeka Bwana, ku Fingoè,

Ndagwada pamaso panu ndi kuomba m'manja, monga achitira mwana wa Chichewa pofika pabwalo la akulu, kuti nditule nkhani imene ena adzati ndafulumira nayo, popeza njinga yoyendera magetsi sinachuluke m'njira zathu za ku Chiputo, Chipera ndi Malowera. Koma m'mera mpoyamba, ndipo ife amene tinaona njinga zamoto zikudzaza misika yathu lamulo lisanazizindikire, sitingakhale chete pamene mlendo wina ali panjira, atadza ndi amalonda omwewo amene atibweretsera masola ndi mafoni kuchokera ku Tete ndi ku Zambia.

Njinga yakapalasa, Bwana, ili ndi chifundo chake pa munthu woledzera. Pakuti iye amene wakhuta masese kapena kachasu, akafika pachitunda miyendo imamkana, natsika, nayamba kuikankha, ndipo kawirikawiri amagona m'mbali mwa njira kufikira mphepo ya mbandakucha itamdzutsa. Manyazi ndi ake okha, monga anali a Nowa m'hema wake. Koma njinga yamagetsi sidziwa kuti mwini wake wamwa. Batire ndiye amakwera chitunda, liwiro silichepa ngakhale maso a wokwerayo aona njira ziwiri, ndipo choopsa koposa n'chakuti imayenda mwakachetechete, kotero kuti mayi wosenza mtsuko, kapena mwana wochokera kusukulu, amene phokoso la njinga yamoto limamchenjeza ikali kutali, adzaizindikira itamgunda kale.

Lamulo tili nalo, sindikana. Código da Estrada, yokhazikitsidwa ndi Decreto-Lei 1/2011 ya pa 23 Malichi, imaletsa kuyendetsa munthu ali woledzera, niika malire a 0,3 mg a mowa pa lita imodzi ya mpweya wa m'kamwa, ndipo kwa onyamula anthu pa malipiro siilola ngakhale dontho. Lamulo lina nalo limaletsa kugulitsa mowa kwa ana osafika zaka 18. Koma zonsezi zinalembedwa m'Chipwitikizi, zili m'mabuku a ku Maputo, ndipo mnyamata wa kuno akazimva amati ndi za eni magalimoto. Iye akwera "njinga chabe", yopanda mafuta, yopanda utsi, nanga wapolisi amfunenji?

Funso limenelo maiko ena analiyankha poyera. Ku Germany njinga ya watts 250, imene injini yake imaleka kuthandiza pa makilomita 25 pa ola, imawerengedwa ngati yakapalasa, pamene yothamanga kuposa apo imagwera m'malamulo a mowa a oyendetsa galimoto. Ku Japan, kuyambira Novembala 2024, wokwera njinga atamwa angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 3. Sindikupemphani ndende za ku Japan. Kuno zingangodzaza ndi amphawi, minda ikulowa thengo. Chimene ndisirira ndi chakuti munthu wa kumeneko amadziwa pamene lamulo laima asanakwere.

Ndiponso musandiyese mdani wa mowa. Maliro athu, zinamwali zathu ndi ntchito ya dima sizitha popanda mtsuko, ndipo amayi ambiri amaphunzitsa ana awo ndi ndalama za mowa wophika okha. Koma tonse tikumbukira za ku Chitima, tsidya lija la Zambezi, mu Januwale 2015, pamene anthu 75 anafa atamwa pombe pamaliro, ndipo patapita miyezi kunadziwika kuti ululu unachokera mu ufa wowonongeka ndi tizilombo. Akuluakulu anafika ndi magalimoto ambiri, koma anafika manda atakumbidwa. Ndipo ngati ku Chitima thandizo linachepa, nanga kwa ife, amene munthu wosweka mutu ayenera kunyamulidwa pa msewu wa Bene kufikira ku chipatala chachikulu cha ku Tete, ulendo umene m'dzinja umasautsa ngakhale wamoyo wangwiro?

Chifukwa chake, Bwana, popeza mutu ukakula sulewa nkhonya, lembani kwa a INATRO, oyang'anira za pamsewu, kuti anene m'mawu osazungulira gulu limene njinga yamagetsi igweramo, ndi malire a mowa amene aigwira. Yankho lawo likadza, lisatsekeredwe m'kabati: limasuliridwe m'chinenero chathu, liperekedwe kwa mafumu ndi anyakwawa, amene mawu awo amamveka pamaliro ndi pamsika kuposa chikalata chokhomedwa pakhoma la ofesi. Apolisi a PRM apatsidwe kachipangizo kopimira mpweya, chifukwa wapolisi woweruza ndi mphuno yake yokha, wina amamkhululukira wina namlipitsa, ndipo pamenepo ndi pamene ziphuphu zimabadwira. Ndipo wogwidwa ataledzera, njinga yake igone kwa mfumu usiku umenewo, adzaitenge m'mawa mutu utapola, pamaso pa mboni, atapatsidwa chiphaso cha chindapusa chilichonse chimene walipira.

Ndine wanu wodzichepetsa,
Mwana wa Maravia